Kodi mfundo zimasinthadi mtima wa munthu pa nkhani ya chabwino ndi choipa?

Mu 2009, Eric Schwitzgebel, pulofesa wa filosofi pa yunivesite ya California ku Riverside, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wachilendo. Anafufuza m'makaundula a malaibulale akuluakulu a mayunivesite a ku America ndi ku Britain kuti aone mabuku amene asowa, kaya obedwa kaya obwerekedwa osabwezedwa. Anapeza kuti mabuku ophunzitsa za chabwino ndi choipa ankasowa kwambiri kuposa mabuku ena a filosofi ofanana nawo pa zaka ndi kutchuka. Ambiri mwa mabukuwa anali ovuta, oti amene amawatsegula ndi aphunzitsi ndi ophunzira a madigiri apamwamba.

Sanalekere pomwepo. Iye ndi mnzake Joshua Rust anafunsa mapulofesa mazanamazana a ku America, m'magulu atatu: akatswiri a za makhalidwe, a filosofi a nthambi zina, ndi a maphunziro ena osakhudzana ndi filosofi. Anayang'ana zinthu wamba, monga kuvota, kuimbira foni amayi awo, kupereka magazi ndi kuyankha makalata a ophunzira. Pa zambiri mwa izi sipanaoneke kusiyana kwenikweni. Pa nkhani ya nyama m'pamene panali chodabwitsa. Akatswiri a za makhalidwe 60 pa 100 alionse anati kudya nyama monga ya ng'ombe ndi nkhumba kawirikawiri n'kolakwika, pamene mwa mapulofesa a maphunziro ena amene anatero anali 19 okha. Koma atafunsidwa zimene anadya pa chakudya chamadzulo chapitacho, 37 pa 100 mwa akatswiriwo anavomera kuti m'mbale mwawo munali nyama yomweyo, poyerekeza ndi 45 mwa enawo. Pakamwa anasiyana kutali, koma m'mbale anayandikana.

Ngati anthu amene amathera moyo wawo wonse akupenda mfundo za makhalidwe amachita zinthu ngati wina aliyense, ndiye kuti mfundozo ntchito yake n'chiyani? Mkanganowu ndi wakale. M'zaka za m'ma 1700, David Hume wa ku Scotland ankati nzeru ndi kapolo wa zofuna za mtima, pamene Immanuel Kant wa ku Königsberg ankati lamulo la khalidwe limachokera m'nzeru ndipo mtima uyenera kuligonjera. Chatsopano n'chakuti kwa zaka zoposa 20 tsopano, akatswiri a filosofi ndi a kaganizidwe ka munthu akhala akuyeza zimenezi pa anthu enieni. Zimene apeza zimachititsa manyazi aliyense wodzitama kuti amaganiza kaye asanaweruze. Komabe amene amawerenga zotsatirazi n'kunena kuti kukambirana n'kutaya nthawi, ndikuona kuti amawerenga theka lokha.

Sitima, njanji ndi mlatho

Chida chimene ofufuza agwiritsa ntchito kwambiri ndi nkhani yopeka imene Philippa Foot wa ku Oxford analemba mu 1967. Iye ankapenda chiphunzitso chakale cha Akatolika, chimene mizu yake ili m'zolemba za Thomas Aquinas, chonena kuti choipa chimene munthu wachifuna ngati njira yofikira cholinga chake n'chosiyana ndi choipa chimene wangochiona kuti chibwera m'mbali. Foot anapereka chitsanzo cha dalaivala wa sitima ya mumzinda imene yalephera kuima. Kutsogolo kuli anthu asanu ogwira ntchito panjanji, ndipo panjanji ya m'mbali pali munthu mmodzi. Pafupifupi aliyense amati akhotere kwa mmodziyo. Koma woweruza amene angapereke munthu wosalakwa kuti aphedwe pofuna kuziziritsa gulu lolusa limene likanapha anthu asanu, timamuona ngati wambanda. Masamu ndi amodzimodzi, asanu kwa mmodzi, koma chikumbumtima chikuyankha mosiyana.

Judith Jarvis Thomson wa pa yunivesite ya MIT ku America anainola nkhaniyi mu 1976 ndi mu 1985. M'malo mwa dalaivala, anaika munthu wongodutsa amene waima pafupi ndi chitsulo chosinthira njanji. Panalinso chithunzi china. Mwaima pamlatho pamwamba pa njanji, pambali panu pali munthu wathupi lalikulu, ndipo mukamukankhira pansi thupi lake liimitsa sitimayo, asanuwo apulumuka. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020, wotsogoleredwa ndi Edmond Awad, anafunsa anthu pafupifupi 70,000 m'maiko 42. Anthu 81 pa 100 anavomereza kusintha njanji, koma ovomereza kukankha munthu anali 51. M'maiko onsewo, kusintha njanji kunavomerezedwa kuposa kukankha.

Chimene chinakopa ofufuza si mayankho okha ayi, koma kuti anthu ambiri akafunsidwa chifukwa chake amachita chibwibwi. Amadziwa motsimikiza kuti kukankha n'koipa, koma kusiyana kwake ndi kusintha njanji sakutha kukutchula.

Mu 2001, Joshua Greene ndi anzake ku Princeton anaika anthu m'makina ojambula ubongo uku akuwawerengetsa nkhani zoterezi. Anapeza kuti nkhani zonga ya pamlatho zimadzutsa kwambiri mbali za ubongo zokhudzana ndi kukhudzidwa mtima, pamene zonga ya kusintha njanji zimagwiritsa ntchito kwambiri mbali zowerengera ndi kusunga zinthu m'maganizo. Mu 2007, gulu lina linapeza kuti odwala amene anavulala mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, cha pamwamba pa maso, ankavomereza kukankha mosavuta kuposa anthu ena. Kenako Greene anayesa kusintha tizinthu ting'onoting'ono m'nkhaniyo. Munthu wa pamlatho akamagwetsedwa pomukankha ndi manja, ovomereza anali pafupifupi atatu mwa khumi. Akamagwetsedwa podina batani lotsegula chitseko cha pansi pa mapazi ake, ovomereza anafika pafupifupi asanu ndi mmodzi mwa khumi. Wakufa ndi yemweyo, imfa yake ndi yomweyo, cholinga n'chomwecho. Chasintha ndi choti minofu yanu yamukhudza kapena ayi.

Apa Greene ali ndi mfundo yolimba. N'zovuta kukhulupirira kuti kupha munthu ndi batani n'kopepukirapo kuposa kumupha ndi manja, choncho mbali ina ya kunyansidwa kwathu ikutsata chinthu chopanda phindu pa mlanduwo. M'dziko limene anthu amaphedwa ndi ndege zopanda oyendetsa, ndiponso ndi siginecha za m'maofesi, ili ndi phunziro loopsa. Koma Greene anapitirira n'kunena kuti yankho lowerengera miyoyo ndilo la nzeru, linalo ndi belu chabe la mantha limene tinabadwa nalo. Apa sindigwirizana naye. Mu 2011, Daniel Bartels ndi David Pizarro anapeza kuti anthu ovomereza kukankha mosavuta nthawi zambiri amakhala ndi zizindikiro zambiri za kusamva chisoni ndi kukonda kugwiritsa ntchito anzawo. Guy Kahane ndi anzake ku Oxford anapezanso mu 2015 kuti anthu oterewa sakhala ofunitsitsa kuthandiza osauka akutali kuposa ena. Ndiye kuti ena amene amati "kankhani" sakutero chifukwa chokonda asanuwo, koma chifukwa mmodziyo sakuwakhudza. Chithunzi cha ubongo chingatiuze kumene ganizo lachokera, koma sichingatiuze ngati ganizolo ndi loona.

Zifukwa zobwera m'mbuyo

Chaka chomwecho cha 2001, Jonathan Haidt, amene panthawiyo anali pa yunivesite ya Virginia, analemba kuti pa nkhani za makhalidwe chigamulo chimabwera choyamba, mwadzidzidzi, ndipo zifukwa timazifuna pambuyo kuti titeteze chimene tagamula kale. Umboni wake wotchuka ndi nkhani yopeka ya mchimwene ndi mlongo wake, akuluakulu onse, amene anagonana kamodzi ali paulendo, atadziteteza kuti pasakhale mimba, osauza munthu, ndipo palibe amene anavulala mtima. Ofunsidwa ankati n'zoipa nthawi yomweyo. Akapereka chifukwa choti mwana adzabadwa wolumala, wofunsa ankawakumbutsa kuti palibe mimba. Akati adzanong'oneza bondo, ankawakumbutsa kuti nkhaniyo yati ayi. Zifukwa zikatha, ankangoti sangathe kufotokoza koma akudziwa kuti n'zoipa.

Kafukufukuyu anatchuka mopitirira kukula kwake, chifukwa anachitika pa ophunzira ochepa chabe. Mu 2015, Edward Royzman ndi anzake anamubwereza ndipo anafunsa funso limene linaiwalidwa: kodi mukukhulupirira kuti palibedi wovulala? Ambiri anati ayi. Sanasowe chifukwa, koma anakana kumeza zimene nkhaniyo inkawakakamiza kumeza. Ine ndikuona kuti anthuwo anali ndi nzeru. Munthu amene wakhala ndi moyo amadziwa kuti zinthu zina zimaphwasula banja ngakhale wofotokoza atalumbira kuti sizitero, ndipo kulephera kugonjetsa munthu wa pakamwa pakuthwa si umboni woti ulibe chifukwa.

Koma pali umboni wina umene sungakanidwe mosavuta chonchi. Mu 2012, Lars Hall, Petter Johansson ndi Thomas Strandberg a pa yunivesite ya Lund ku Sweden anaimitsa anthu 160 oyenda m'paki n'kuwapatsa pepala la mafunso. Limodzi mwa mafunsowo linali lakuti boma liyenera kuletsedwa kuyang'anira maimelo ndi intaneti ya anthu ambiri polimbana ndi uchigawenga, ndipo munthu ankachonga ngati akugwirizana nazo kapena ayi. Pepalalo linali ndi chinyengo. Munthu akatembenuza tsamba, kapepala ka pamwamba kankamatirira kumbuyo kwa bolodi, n'kusiya pansi pake chiganizo chofanana koma chotembenuzidwa, "kuloledwa" m'malo mwa "kuletsedwa", chizindikiro cha munthuyo chili pomwe chinali. Kenako ankamupempha kuti awerenge yankho lake mokweza ndi kulifotokoza. Pa ziganizo ziwiri zimene zinatembenuzidwa, anthu 69 pa 100 sanazindikire chimodzi kapena zonse ziwiri, ndipo oposa theka anaikira kumbuyo mwamphamvu maganizo otsutsana ndi amene anachonga mphindi zochepa zapitazo. Zifukwa zinatuluka bwinobwino, zomveka, zoteteza chinthu chimene sananene.

Mwina mungati amenewo ndi anthu wamba oyenda m'paki. Schwitzgebel ndi Fiery Cushman anayesa akatswiri eniake. Zinali zodziwika kale kuti munthu akayamba wamva nkhani ya pamlatho, amakhala wokayika pa ya kusintha njanji, ndipo amaziona ziwirizo ngati zofanana kuposa amene wayamba ndi ya njanji. Dongosolo la mafunso siliyenera kusintha chabwino ndi choipa. Koma mu 2012 anapeza kuti anthu a madigiri apamwamba a filosofi ankakokedwa ndi dongosolo la mafunso mofanana ndi ena onse. Choposa apo, dongosololi linkakhudzanso zoti akatswiriwo avomereze kapena akane chiphunzitso chija cha Aquinas atafunsidwa pamapeto. Mu 2015 anabwereza, ulendo uno akuwakakamiza kudikira ndi kuganizira mbali zonse asanayankhe. Sizinathandize, ngakhale kwa amene anati amaidziwa bwino nkhani ya sitimayi ndipo maganizo awo ndi okhazikika.

Chilankhulo nachonso chimalowererapo. Mu 2014, Albert Costa wa ku Barcelona, Boaz Keysar wa ku Chicago ndi anzawo anapereka nkhani ya pamlatho kwa olankhula Chisipanishi ndi Chingerezi. Owerenga m'chilankhulo chawo chobadwira amene anavomereza kukankha anali 18 pa 100, koma owerenga m'chilankhulo chophunzira anali 44. Mawu ophunzira m'kalasi sabaya mtima ngati mawu amene unakalipiridwa nawo uli mwana. Ife amene timakambirana za maliro m'Chichewa koma malamulo, milandu ya kukhoti lalikulu ndi mfundo za boma m'Chingerezi, tiyenera kuiganizira nkhaniyi. Mtunda umene chilankhulo chachiwiri chimapereka ungathandize munthu kuweruza mofatsa, komanso ungachititse kuti kuchotsa anthu pamalo awo kumveke ngati nkhani ya manambala.

Tisathamange nazo, chifukwa kafukufuku wamtunduwu ali ndi ming'alu yake. Mng'alu woyamba ndi wakuti zimene munthu amanena papepala si zimene amachita. Mu 2018, Dries Bostyn ndi anzake ku Ghent ku Belgium anaika ophunzira patsogolo pa zikwere ziwiri, china cha mbewa zisanu, china cha mbewa imodzi, n'kuwauza kuti zisanuzo zimenyedwa ndi magetsi pokhapokha atadina batani lopatutsira magetsiwo kwa imodziyo. Palibe mbewa imene inamenyedwadi, koma ophunzirawo sankadziwa. Amene anangofunsidwa mongoyerekeza, 66 pa 100 anati akanadina. Amene anaima patsogolo pa mbewa zenizeni, 84 pa 100 anadina. Ndipo mayankho a munthu pa nkhani zopeka sanathe kulosera zimene anachita.

Mng'alu wachiwiri ndi wa anthu ofunsidwawo. Joseph Henrich ndi anzake anadandaula mu 2010 kuti anthu 96 pa 100 oyesedwa m'kafukufuku wofalitsidwa m'magazini akuluakulu a za kaganizidwe amachokera m'maiko okhala ndi 12 peresenti yokha ya anthu a padziko. Clark Barrett ndi gulu lake atafunsa anthu m'madera khumi mu 2016, kuphatikiza a Hadza a ku Tanzania ndi a Himba a ku Namibia, anapeza kuti funso loti "kodi anachita dala?" silikhala ndi kulemera kofanana kulikonse. Ku Los Angeles linali lolemera kwambiri, pamene pa zilumba za Yasawa ku Fiji anthu ankayang'ana kwambiri chimene chachitika. Kwathu kuno izi sizachilendo: ng'ombe zanu zikadya chimanga cha mnzanu mumalipa, ndipo zoti simunafune sizichotsa mlandu. Chiphunzitso chija chimene chatsamira pa cholinga cha mumtima ndi njira imodzi yoweruzira, si yokhayo.

Pamene mfundo zinagwira ntchito

Schwitzgebel yemwe uja anaganiza zoyesa ngati kalasi ya filosofi ingasinthe zimene ophunzira amachita, osati zimene amanena. Anagwirizana ndi Bradford Cokelet ndi Peter Singer, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Ophunzira 1,332 anagawidwa pawiri. Ena anawerenga nkhani yotsutsa kudya nyama yowetedwa m'mafamu a mafakitale, ena anawerenga za kupereka kwa osauka, ndipo onse anakambirana m'magulu kwa mphindi 50. Ofufuzawo anapeza malisiti 13,642 a chakudya chimene ophunzira 495 anagula m'malesitilanti a pasukulupo, asanaphunzire ndi ataphunzira. M'gulu lokambirana za nyama, zogula zokhala ndi nyama zinatsika kuchoka pa 52 kufika pa 45 peresenti. M'gulu linalo zinakhalabe pa 52. Schwitzgebel ankayembekezera kuti sipakhala kusintha kulikonse. Kusinthaku si kwakukulu, ndipo panalinso kanema amene ophunzira ankatha kuonera, moti olembawo anavomereza kuti sakanatha kuloza chimene chinagwira ntchito kwenikweni. Koma ndi malisiti enieni, a anthu amene sankaganiza kuti zogula zawo zikugwirizana ndi kalasiyo.

Schwitzgebel ndi Cushman anakonzanso mpikisano. Anapempha anthu kuti alembe mfundo yaifupi yokopa munthu kupereka ndalama kwa osowa, popanda zithunzi kapena nkhani ya munthu mmodzi yogwetsa misozi. Owerenga ankauzidwa kuti angapate madola 10, ndipo asankhe kuti angapereke zingati. Amene sanawerenge mfundo iliyonse anapereka pafupifupi madola 2.58. Mfundo yopambana, yolembedwa ndi Singer ndi Matthew Lindauer, inakweza ndalamazo kufika pa madola 3.48. Inanena za trachoma, matenda a maso amene amachititsa khungu, ndi kuti ndalama zochepa ngati madola 25 zingateteze munthu ku khungu, kenako n'kufunsa wowerenga kuti akanalipira zingati akanakhala mwana wake. Matendawa ndi omwe aja bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi wawagonjetsa ngati vuto la umoyo wa anthu. Taonani mmene mfundoyo inapangidwira. Inapereka chinthu choona chimene wowerenga sankachidziwa, n'kuchilumikiza ku chikondi chimene anali nacho kale. Sinayese kupanga chifundo kuchokera m'masamu, koma inalozera chifundo chimene chinalipo kumene sichinkayang'ana.

Nanga akatswiri aja amalephereranji kutsata zimene amaphunzitsa? Schwitzgebel akuti anthu ambiri safuna kukhala abwino kwambiri, amangofuna kukhala abwino ngati anzawo owazungulira, osatsika kwambiri, osakweranso kwambiri. Mfundo ingasinthe zimene umakhulupirira, koma mlingo wa zochita umautenga kwa amene umadya nawo. Ngati zili choncho, ndiye kuti si mfundo zimene zilibe mphamvu, koma munthu mmodzi payekha ndi amene ali malo olakwika oziyezera.

Apa m'pamene ntchito ya Hugo Mercier ndi Dan Sperber a ku France imandikhutiritsa kuposa zonse. Mu 2011 iwo anati nzeru zopereka zifukwa sizinapangidwe kuti munthu apeze choonadi ali yekha m'chipinda, koma kuti akope anzake ndi kupenda zimene anzakewo akumuuza. N'chifukwa chake timakhala aulesi ndi okondera popanga mfundo zathu, koma akuthwa posefa za ena. Mu 2016, Emmanuel Trouche pamodzi ndi Mercier, Hall ndi Johansson anaziyesa izi mwaluso. Anthu anayankha mafunso a kuganiza n'kupereka zifukwa zawo. Pambuyo pake anapatsidwa zifukwa za "anthu ena" kuti azipende, koma chimodzi chinali chawo chomwe. Mwa amene sanazindikire chinyengocho, oposa theka anakana mfundo yawo yomwe. Ndipo ankaikana kwambiri ikakhala yolakwikadi kuposa ikakhala yolondola. Diso lopenda lilipo ndipo limaona bwino, koma limatseguka mfundo ikachokera kunja.

Zotsatira zake zimaoneka pagulu. Pali funso lotchuka la makadi anayi limene Peter Wason anakonza m'zaka za m'ma 1960, losavuta kulimva koma lonyenga kwambiri. David Moshman ndi Molly Geil anapeza mu 1998 kuti ophunzira oyankha payekhapayekha amene analondola anali 9 pa 100, koma magulu ang'onoang'ono okambirana amene anapeza yankho lolondola anali 75 pa 100. Ngakhale Haidt, amene amatchulidwa ngati mdani wa nzeru, analemba m'nkhani yake ya 2001 kuti zifukwa za munthu wina zingadzutse mwa ife kaonedwe katsopano, ngakhale kuti zathu zomwe sizitisintha kawirikawiri.

Nzeru za munthu zili ngati nkhoswe. Banja likayambana, nkhoswe ya mwamuna imabwera italunjika kale mbali ya mbale wake, ndipo mukaimvetsera yokha mudzamva theka la nkhani lokonzedwa bwino. Koma palibe amene amaitana nkhoswe imodzi. Ya kuchikazi imakhalapo, ikumva bodza lililonse ndi mpata uliwonse, ndipo chilungamo chimene palibe mmodzi wa iwo anabwera nacho chimapezeka pakati pawo. Ofufuza ambiri ayeza nkhoswe imodzi ili yokha patsogolo pa kompyuta kwa mphindi khumi, n'kudabwa kuti ndi yokondera.

Izi sizitanthauza kuti msonkhano uliwonse umabala nzeru. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti anthu ogwirizana kale akakambirana okhaokha amatuluka ali ouma mutu kuposa mmene analowera, chifukwa aliyense amangowonjezera nkhuni pa mbali imodzi. Aliyense amene ali m'gulu la WhatsApp la anthu a chipani chimodzi waziona. Kukambirana kumathandiza pakakhala kusiyana maganizo kwenikweni, pakakhala cholinga chimodzi chofuna kupeza yankho, ndiponso wamng'ono akamatha kutsutsa wamkulu osaopa. Chomalizachi n'chimene chimatisowa kawirikawiri, kuntchito, kumpingo ndi kubanja komwe. Komanso funso la makadi lili ndi yankho limodzi loti ukalimva umaliona, pamene mafunso a makhalidwe sakhala choncho. Mfundo yabwino pa nkhani zimenezi imayenda pang'onopang'ono, ndipo kafukufuku wa ola limodzi sangaione ikufika.

Chitsanzo cha kuchedwa kumeneku ndi Thomson mwiniwake. Kwa zaka zoposa 20 iye ankaona kuti n'zosachita kufunsa kuti munthu wongodutsa uja ndi wololedwa kusintha njanji, ndipo ntchito yake inali kufufuza chifukwa chake. Mu 2008, atasonkhezeredwa ndi zolemba za Alexander Friedman, amene anachita digiri yapamwamba ya PhD ku MIT, analemba kuti analakwitsa. Anawonjezera njanji yachitatu, imene pali iweyo wosintha njanji. Ukhoza kusiya asanuwo afe, kapena kupatutsira sitima kwa mlendo uja, kapena kuipatutsira kwa iwe mwini. Ngati sungalole kufa kuti asanuwo apulumuke, ufulu woti mlendoyo alipire mtengo umene iwe waukana ukuutenga kuti? Ndipo njanji yachitatuyo ikachotsedwa, anatero Thomson, funsolo silichoka, chifukwa ukumupatsabe munthu wina katundu amene iwe sukanamusenza. Anali ndi zaka pafupifupi 80 pamene anatembenuka, ndipo anagwetsa maziko a nkhani imene inamutchukitsa. Anzake ambiri sanamutsatire. Pa kafukufuku wamkulu wa akatswiri a filosofi wa 2009, pafupifupi 68 pa 100 anati kusintha njanji ndiko koyenera ndipo okana anali pafupifupi 8. Atafunsidwanso mu 2020, chaka chimene Thomson anamwalira, ovomereza anali pafupifupi 63 ndipo okana anali 13.